Pamene Boma Lachedwa Kulipira Wamalonda Wamng'ono

M'boma lililonse la dziko lino muli anthu amene amagulitsa katundu ku maofesi a Boma. Ena amapereka nyemba ndi ufa ku sukulu zogonera komweko, ena amatuta nkhuni za kuchipatala ndi kundende, ena amakhoma madesiki, ndipo ena amakonza galimoto za khonsolo. Malonda otere ngabwino, pakuti Boma limagula zambiri nthawi imodzi, ndiponso silisamuka usiku monga amachitira angongole ena. Mu 2020 kunatuluka lamulo lakuti amalonda ang'onoang'ono azipatsidwa gawo pa zinthu zimene maofesi a Boma amagula. Koma pali dandaulo limodzi limene limamveka kuyambira ku Chitipa kufikira ku Nsanje: katundu anapita kalekale, ndalama sizinabwere. Phunziro la mwezi uno likufotokoza kumene ndalamazo zimachedwera, ndi zimene lamulo limalola munthu kuchita. Aphunzitsi ndi onse odziwa kuwerenga akupemphedwa kuti awerengere anzawo amene ali m'vuto lotere.

Kuchedwa kumadya mpamba

Anthu ena amati, "Ndalama za ku Boma sizitayika, zidzabwera ndithu." Mawuwa ngoona pang'ono chabe. Taganizirani za mayi wa geni ya nyemba amene wapeza oda ku sukulu ya sekondale yogonera komweko. Mitengo ili panoyi ndi yongoyerekeza kuti samu ioneke bwino. Mayiyu wagula matumba 40 kwa alimi pa K100,000 thumba limodzi, ndiye kuti K4,000,000. Galimoto ndi onyamula amudyera K200,000. Sukulu yavomera kugula pa K125,000 thumba limodzi, zonse pamodzi K5,000,000. Phindu lake ndi K800,000, ndipo mayiyu wayamba kale kuganiza za malata a nyumba yake.

Tsono theka la ndalama zogulira nyembazo silinali lake. Anakongola K2,000,000 ku banki mkhonde, pa chiwongoladzanja cha K10 pa K100 iliyonse mwezi ndi mwezi. Ndiye kuti mwezi uliwonse umene sukulu yachedwa, iye akutaya K200,000. Ikatha miyezi inayi phindu lonse latha. Ikatha miyezi isanu ndi inayi wataya K1,000,000 ya mpamba wake, chonsecho nyemba zija ana anadya kale. Akadakongola kwa a katapila, bwenzi ziwiya za m'nyumba zitapita mwezi wachitatu usanathe. Aphunzitsi angathe kupereka samu imeneyi kwa ana a Sitandade 8, ndipo anawo akaifotokoze kwa makolo awo.

Palinso mdani wina amene saoneka ndi maso, ndiye kugwa kwa mphamvu ya kwacha. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa ndi 25 pa 100, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 pa 100. Pa nthawi yachiwiriyi dola imodzi ya ku America, imene inali pafupifupi K1,180, inafika pa K1,700. Makaniko amene ofesi inali naye ngongole ya K1,180,000 anali kudikira ndalama zokwana madola 1,000. M'mawa mwake ngongole yomweyo inali yosakwana madola 700. Zitsulo za galimoto zimachokera kunja, ndipo zinakwera sabata yomweyo. Invoisi yake sinakwere.

Ulendo wa ndalama za Boma

Munthu sangathe kulondola ndalama zake ngati sadziwa njira imene zimadzera. Mphunzitsi wamkulu, kapena kalaliki wa kuchipatala, alibe bokosi la ndalama pansi pa tebulo. Chaka chilichonse Nyumba ya Malamulo imavomereza bajeti. Chaka cha ndalama za Boma chimayamba pa 1 Epulo ndi kutha pa 31 Malichi. Kale chinkayamba mu Julayi, koma chinasinthidwa mu 2022. Ndalama zolembedwa mu bajeti siziperekedwa zonse tsiku limodzi. Unduna wa Zachuma umazitumiza pang'onopang'ono, molingana ndi msonkho umene bungwe la MRA latolera. Msonkho ukachepa, malipiro a antchito ndi ngongole zikuluzikulu za dziko ndizo zimayamba kuperekedwa, ndipo ndalama zogulira nyemba, nkhuni ndi mapepala ndizo zimadulidwa. Ndalama za makhonsolo zimadzeranso ku komiti yotchedwa National Local Government Finance Committee zisanafike kuboma.

Ofesi iliyonse ili ndi mkulu mmodzi amene amayankha pa ndalama zake. Ku unduna ndiye Mlembi Wamkulu, ndipo ku khonsolo ya boma ndiye Bwana DC. Lamulo la kayendetsedwe ka chuma cha Boma la 2022, limene linalowa m'malo mwa la 2003, sililola ofesi kuitanitsa katundu pamene ilibe ndalama zake. Koma sukulu singatseke khitchini chifukwa ndalama za mwezi zachedwa, chotero maofesi ena amaitanitsabe, akuyembekezera mwezi wamawa. Apo ndi pamene ngongole zambiri zimabadwira.

Ndalama zikapezeka, mapepala a wamalonda amasonkhanitsidwa, vocha imalembedwa, akuluakulu amasaina, ndipo zonse zimalowetsedwa m'makina a kompyuta otchedwa IFMIS. Pepala limodzi likasowa, ulendo wonse umaima. Ndipo ngongole ikadumpha pa 31 Malichi isanalipidwe, imasanduka ngongole ya chaka chatha, imene kawirikawiri imayenera kufufuzidwa kaye ndi owerengera chuma cha Boma.

Kufufuza kumeneku kuli ndi chifukwa chake. Mu Sepitembala 2013 kunaululika kuba kumene kunatchedwa Cashgate. Makampani ena analandira ndalama zankhaninkhani za Boma osapereka katundu aliyense, ngakhale msomali umodzi. Mayiko othandiza Malawi anaimitsa thandizo lawo la mu bajeti, ndalama zinachepa, ndipo invoisi iliyonse inayamba kuonedwa ndi diso lokayika. Amene anavutika ndi amalonda oona mtima. M'zaka zotsatira, pamene Goodall Gondwe anali Nduna ya Zachuma, ngongole zina zakale zinalipidwa ndi mapepala a lonjezo otchedwa promissory notes, opanda chiwongoladzanja, oti ndalama zake zidzatuluke patsogolo. Osowa mpamba anagulitsa mapepalawo ku mabanki pa mtengo wotsika. Ngongole inatha, koma gawo lina la ndalama linatsalira ku banki.

Chotero kuchedwa sikuli kwa mtundu umodzi. Pena ofesi ilibedi ndalama. Pena ndalama zilipo koma mapepala ngosakwanira. Pena zonse zilipo, koma wina wakhalira fayilo akufuna kangachepe. Mankhwala a matenda atatuwa ngosiyana, ndipo wamalonda amene amangopita ku ofesi Lolemba lililonse kukamva kuti "mubwere sabata yamawa" sadziwa kuti akudwala ati.

Mlandu umayamba tsiku lopereka katundu

Nkhani yaikulu ya phunziroli ili pano. Boma sililipira nkhope ya munthu, kapena mawu amene anagwirizana pakhonde. Limalipira zimene zili papepala. Woweruza milandu nayenso sanaone nyemba zija. Adzaona mapepala okha.

Pepala loyamba ndi oda yolembedwa, imene m'maofesi amaitcha LPO. Imakhala ndi nambala, dzina la wamalonda, mtundu ndi kuchuluka kwa katundu, mtengo wake, siginecha ya mkulu woyenera ndi chidindo cha ofesi. Pa ntchito zazikulu, monga kumanga chipinda cha sukulu, pamakhala pangano lolembedwa, ndipo m'menemo muyenera kukhala masiku amene ofesi idzalipirire. Munthu awerenge mzere umenewo asanasaine, ndipo aonenso ngati panganolo likunenapo za chiwongoladzanja ndalama zikachedwa.

Taganiziraninso za mayi uja. Foni yalira madzulo, ndipo ndi mkulu wosunga katundu pasukulu.

"Mayi, tithandizeni, ndiwo zatithera. Ana agona ndi njala mawa. Bweretsani matumba makumi awiri, pepala lidzatsatira."

"Bwana, nanga LPO?"

"Aa, mayi, simundidziwa ine? Zimenezo tidzakonza."

Mayiyu ali ndi ana ake, ndipo mawu akuti njala amamulasa mtima. Akuopanso kuti akakana, oda idzapita kwa wina. Mwina bwanayo sakunama konse. Koma antchito a Boma amasamutsidwa. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi pampando paja pali munthu wina, amene atsegula mabuku ndi kunena mwaulemu kuti, "Pepani mayi, pano sipakuoneka dzina lanu." Munthu watsopanoyo sakulakwa. Akalipira popanda pepala, owerengera chuma adzamugwira iyeyo. Yankho loyenera pafoni paja linali lakuti, "Nyemba zilipo, bwana, galimoto inyamuka pepala likafika." Ngati changu chilidi chachikulu, wamalonda apemphe kalata yachidule ya pa pepala la ofesi, yosainidwa ndi mkulu wa pamalopo ndi kudindidwa, yonena katundu, mtengo ndi tsiku. Kalata yotere silingana ndi LPO, koma iposa mawu apakamwa kutalitali. Amene anapereka kale katundu popanda oda sanataye zonse, pakuti bwalo lingathe kumva umboni wakuti katundu analandiridwa nagwiritsidwa ntchito. Koma njira yake njaminga, ndipo ofesi ingathe kudziteteza ponena kuti malamulo a kagulidwe sanatsatidwe.

Pepala lachiwiri ndi losonyeza kuti katundu wafika, limene amalonda amalitcha delivale noti. Wolandira awerenge matumba pamaso pa mwini wake, alembe dzina lake lonse ndi udindo wake, asaine, adinde, ndi kulemba tsiku. Siginecha yongokhwatcha yopanda dzina ilibe ntchito pakapita zaka ziwiri. Mapepala ena atsale ku ofesi, koma limodzi libwerere kunyumba. Kupereka katundu Loweruka madzulo kwa mlonda wa pageti, ndi kulonjezana kuti adzasaina Lolemba, ndiko kuponya matumba m'nyanja.

Pepala lachitatu ndi invoisi, ndipo iyenera kugwirizana ndi mapepala awiri oyambawo pa chilichonse. Oda ikati matumba 40 ndipo invoisi ikati 42, vocha silembedwa. Dzina la pa invoisi likhale lomwelo la ku banki. Wamalonda akhalenso ndi nambala ya msonkho ya ku MRA ndi chiphaso cha bungwe la PPDA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2017 kuti liziyang'anira kagulidwe ka katundu wa Boma. Ziphaso zikatha nthawi yake, nazonso zimaimitsa malipiro. Ambiri amadabwa poona kuti ndalama zolowa ku banki zapereweza pang'ono. Kawirikawiri umenewo ndi msonkho umene ofesi imadula ndi kutumiza ku MRA, ndipo wamalonda apemphe chikalata chosonyeza msonkho wodulidwawo, pakuti chidzamuthandiza powerengera msonkho wake wa pachaka.

Mapepala onsewa asungidwe m'pulasitiki, kutali ndi chiswe ndi denga lodontha. Mwana wa sukulu awajambule pafoni. Ku ofesi kuzipita makope okha, pakuti mafayilo amasowa.

Kalata iposa maulendo khumi

Nthawi yolipira ikadutsa, ambiri amayamba maulendo. Minibasi yopita kuboma ndi kubwerera, chakudya cha masana, tsiku lathunthu pabenchi, zonsezi zimadya ndalama ndipo sizisiya chizindikiro. Ulendo umodzi kapena iwiri njokwanira, ndipo funso lofunsa likhale lolunjika: kodi vocha inalembedwa? Nambala yake ndi chiyani? Fayilo ili patebulo la yani? Mayankho ake ndiwo adzasonyeza ngati vuto ndi ndalama, mapepala, kapena munthu.

Pambuyo pake alembe kalata. Isapite kwa kalaliki, koma kwa mkulu woyankha pa ndalama, Bwana DC kapena Mlembi Wamkulu, ndipo kope lina lipite kwa mkulu wa pamalo pamene katundu anaperekedwa. Kalatayo ikhale yaifupi ndi yaulemu. Itchule nambala ya LPO, tsiku limene katundu anafika, nambala ya invoisi, ndalama zotsala, ndi tsiku limene wamalonda akupempha kuti alipidwe lisanadutse. Mawu onyoza ndi oopseza asalowemo. Tsiku lina woweruza adzaiwerenga. Popereka, kalaliki wolandira makalata adinde kope la wamalonda ndi kulembapo tsiku.

M'kalatamo mukhale pempho limodzi lofunika koposa onse: kuti ofesi iyankhe molemba kuti ngongoleyo ikuidziwa ndipo ndi ya ndalama zakutizakuti. Ofesi yopanda ndalama kawirikawiri siivutika kulemba zimenezi, ndipo kalaliki amaona ngati wangomutonthoza munthu. Koma kapepala kameneka nkamtengo wapatali, monga zidzaonekera kutsogoloku. Ofesi ikangokhala chete, pali lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani zosungidwa ndi maofesi a Boma, limene linayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020. Mwa lamulo limeneli munthu angathe kupempha molemba kuti auzidwe pamene fayilo yake yafika.

Nanga wina akanong'oneza kuti, "Achimwene, fayilo yanu njolemera, ikufunika mafuta"? Lamulo loletsa ziphuphu la 1995 limalanga wolandira ndi wopereka yemwe. Wamalonda amene wapereka wadzimanga yekha, pakuti sangathenso kudandaula poyera, ndipo pa oda yotsatira mtengo wa mafutawo udzakwera. Nkhani yotere ndi ya bungwe la Anti-Corruption Bureau. Alembe tsiku, malo ndi mawu amene ananenedwa akadali kuwakumbukira.

Palinso ofesi ya Ombudsman, imene inakhazikitsidwa ndi malamulo aakulu a dziko a 1994. Imamva madandaulo a anthu amene maofesi a Boma awachitira mosalungama, ndipo silipiritsa. Ili ndi maofesi ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu. Koma awerengi adziwe malire ake. Ombudsman amalowa pa nkhani imene ilibe njira ina yapafupi ya kubwalo la milandu, chotero pa ngongole wamba angathe kumuuza munthu kuti apite kukhoti. Dandaulo limamveka bwino kumeneko likakhala la khalidwe la ofesi: makalata osayankhidwa chaka chathunthu, fayilo yosowetsedwa, kapena kulipira obwera pambuyo ndi kudumpha oyamba popanda chifukwa.

Kusumira Boma

Anthu akumidzi ambiri amakhulupirira kuti Boma silisumiridwa. Si zoona. Boma likachita pangano la malonda limamangidwa ndi panganolo monga munthu wina aliyense, ndipo makhoti a dziko lino akhala akuligamula kuti lilipire. Koma pali malamulo apadera, ndipo wowalumpha amabwezedwa pakhomo ngakhale mlandu wake uli woona.

Choyamba nkudziwa woimbidwa mlandu. Ngongole ikakhala ya unduna kapena dipatimenti ya Boma, samani silembedwa dzina la mphunzitsi wamkulu kapena la kalaliki amene anaitanitsa katundu. Imalembedwa kwa Attorney General, ndiye Mlangizi Wamkulu wa Boma pa Malamulo, amene amaimira Boma pa milandu yotere. Khonsolo njosiyana. Mwa lamulo la maboma ang'ono la 1998, khonsolo imasuma ndi kusumiridwa m'dzina lake. Makampani a Boma nawonso amayankha okha. Popeza ntchito zambiri za zipatala ndi sukulu za pulayimale zinaperekedwa ku makhonsolo, munthu ayang'ane dzina ndi chidindo za pa LPO yake kuti adziwe mwini ngongole weniweni.

Chachiwiri ndi chenjezo. Lamulo la milandu yokhudza Boma, limene lili pa Chaputala 6:01 cha malamulo a Malawi, limati munthu asasumire Boma asanapereke chenjezo lolembedwa ku ofesi ya Attorney General ndi kudikira miyezi itatu. Chenjezolo litchule dzina la wodandaula ndi kumene amakhala, chiyambi cha mlandu, ndi chimene akufuna. Miyezi itatuyi inaikidwa kuti Boma lifufuze ndi kulipira ngati likuona kuti lilibe podzitetezera. Ndi kalata yotsika mtengo, koma imasuntha fayilo, pakuti maloya a Boma amalembera unduna kufunsa chifukwa chimene munthuyu sanalipidwire, ndipo unduna umayenera kuyankha. Kope lodindidwa la chenjezoli lisungidwe bwino, pakuti bwalo lidzalifuna.

Chachitatu ndi nthawi. Mwa lamulo la malire a nthawi yosumira, mlandu wa pangano uyenera kufika kubwalo zisanathe zaka zisanu ndi chimodzi kuchokera pa tsiku limene ndalama zinayenera kulipidwa. Zaka 6 zimaoneka zambiri, koma zimatha munthu akumva "mwezi wamawa". Maulendo a ku ofesi saimitsa nthawiyi, ndipo makalata a wamalonda mwini sayiimitsanso. Chimene chimaiyambitsanso ndi kalata yosainidwa ya wangongole yovomera ngongoleyo, kapena kulipirako gawo lina. Ndiyo ntchito ya kapepala kaja. Ndipo ofesi ikapereka theka la ndalama, munthu alandire, koma asasaine pepala lonena kuti ngongole yonse yatha. Amene ali ndi invoisi ya zaka zinayi kapena zisanu aonane ndi loya mwezi uno, pokumbukira kuti miyezi itatu ya chenjezo iyenera kukwanira mkati mwa nthawi yotsalayo.

Bwalo loyenera limadalira kukula kwa ndalama. Milandu ikuluikulu ya malonda imapita ku gawo la zamalonda la High Court, limene linayamba mu 2007. Mwa malamulo a kayendetsedwe ka milandu ku High Court a 2017, milandu yambiri imayamba yapita kwa woweruza amene amakhala ngati mkhalapakati, kuti mbali ziwiri ziyese kugwirizana. Pa ngongole ya mapepala okwanira, apa ndi pamene nkhani ingathere, pakuti palibe chotsutsa. Wosuma akumbukire kupempha chiwongoladzanja m'mapepala ake oyamba. Bwalo lili ndi mphamvu yochipereka pa ngongole yochedwa, koma silipereka chimene munthu sanapemphe. Kwa mayi wa nyemba uja, chiwongoladzanja ndicho chokha chingabweze gawo la zimene banki mkhonde inamudyera.

Pali chinthu chimodzi chimene sichiyenera kubisidwa. Chigamulo si ndalama. Munthu wamba akalephera kulipira, masherifu amabwera kudzatenga katundu wake. Katundu wa Boma satengedwa chotero, pakuti malamulo amamuteteza, ndipo chifukwa chake nchomveka: ambulansi singagulitsidwe kuti munthu mmodzi alipidwe. Wopambana mlandu amadikirabe kuti ndalama zituluke ku Unduna wa Zachuma, ndipo ena adikira nthawi yaitali. Ubwino wa chigamulo ngwakuti ngongole singakanidwenso, ndalama zake zadziwika, ndipo palibe kalaliki amene anganene kuti fayilo yasowa.

Milandu imadya ndalama, ndipo munthu aziyamba wawerengera. Kulipira loya pa ngongole ya mitolo ya nkhuni kungathe kuposa ngongoleyo. Osauka angathe kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau, bungwe la Boma lothandiza anthu amene sangathe kulipira loya. Kumeneko amayamba afunsa za chuma cha munthu asanavomere. Njira ina njakuti amalonda onse amene ofesi imodzi ili nawo ngongole asonkhane, wa nyemba, wa nkhuni, wa nyama ndi kalipentala, alembe kalata imodzi ndi kugawana mtengo wa loya mmodzi. Kalata ya anthu khumi ndi awiri siikidwa pansi pa fayilo monga ya munthu mmodzi. Khansala ndi phungu wa deralo angathenso kufunsa za ngongolezo pa msonkhano wa khonsolo, pamene mayankho amalembedwa.

Ambiri amaopa kuti akasuma sadzapatsidwanso oda. Mwa lamulo, bungwe la PPDA limaletsa wamalonda kuchita malonda ndi Boma chifukwa cha zolakwa monga chinyengo, ziphuphu kapena kulephera ntchito. Kufuna ndalama zake si mlandu. Nzoona kuti bwana wina angathe kusunga mangawa mumtima, ndipo palibe lamulo limene limachiza mtima wa munthu. Koma oda imene silipidwa si malonda.

Oda yatsopano pamwamba pa ngongole yakale

Teremu ikayandikira, foni ya mayi uja imaliranso. Sukulu ikufuna matumba ena 40, ndipo bwana akuti ndalama zakale zidzatuluka pamodzi ndi zatsopano. Ili ndi yesero lalikulu, pakuti wamalonda amaganiza kuti akakana, adzakwiyitsa anthu amene asunga ndalama zake. Chotero ena afika pa invoisi zinayi kapena zisanu zosalipidwa, mpamba wonse uli m'fayilo imodzi.

Oda iliyonse ndi pangano palokha. Kukana oda yatsopano sikufafaniza ngongole yakale, ndipo palibe lamulo lokakamiza munthu kuvomera LPO imene sakuifuna. Zimasiyana ngati anasaina pangano lopereka katundu chaka chonse. Pamenepo asangoleka mwadzidzidzi, pakuti ofesi ingathe kumutembenuzira mlandu wakuti ndiye waphwanya pangano. Awerenge zimene panganolo likunena pa kuimitsa ntchito, ndipo alembe kalata yochenjeza kuti adzaima pa tsiku lakuti ngati malipiro safika. Ngati mayiyu afuna kusunga ubale ndi sukulu, angathe kuvomera matumba 10 m'malo mwa 40, ogulidwa ndi ndalama zake osati za ngongole, ndipo apemphe kuti kalata yovomera ngongole yakale ibwere pamodzi ndi LPO yatsopano galimoto isananyamuke.